WAMKULU NDANI? ZA MKANGANO WA MPIRA NDI WA PA NJIRA YA KU KAPERNAO

Akristu okondedwa a ku Changata, ndi inu aphunzitsi amene mugwira ntchito ya Mulungu m'midzi yozungulira minda ya tiyi,

Ulipo mkangano wina umene sukalamba pakati pathu. Umveka pa mzere wa sikelo pamene anthu adikira kuyeza masamba ao, umveka pa msika wa ku Makwasa, umvekanso pa bwalo la tchalitchi Misa itangotha, anthu asanafike n'komwe pa mseu. Funso lake ndi limodzi: mwa anthu onse amene anamenyapo mpira wa miyendo pa dziko lino lapansi, katswiri woposa anzake ndani?

Madoda a imvi anena kuti ndi Pelé wa ku Brazil, ndipo sanena zopanda mutu. Mwana ameneyu anabadwa mu 1940 m'banja losauka, nayamba kusewera ndi sokosi yoikamo mapepala, monga momwe ana athu amangira chikulunga chao. Ali ndi zaka 17 zokha anathandiza dziko lake kutenga chikho cha dziko lonse ku Sweden mu 1958, nachinya zigoli ziwiri pa masewero otsiriza. Brazil inachitenganso ali momwemo mu 1962 ndi mu 1970, ndipo palibe wosewera wina amene anachitenga katatu. Abambo a msinkhu wapakati akamva zimenezi apukusa mutu, natchula Diego Maradona wa ku Argentina. Akumbutsa za tsiku la 22 June 1986 ku Mexico, pamene anachinya England zigoli ziwiri: choyamba ndi dzanja, woyimbira osaona, ndipo chachiwiri, patangopita mphindi 4, atatenga mpira m'chigawo cha kwao nadyetsa njomba anthu 5 pamodzi ndi goloboyi yemwe. Akumbutsanso kuti anafika ku Napoli, timu imene inali isanakhalepo pamwamba m'dziko la Italy, naikweza kawiri, mu 1987 ndi mu 1990. Anyamata aseka zonsezi ngati nthano za pamoto. Kwa iwo nkhani ili pa anthu awiri okha: Lionel Messi, amene analandira mphotho ya Ballon d'Or ka 8 natenga chikho cha dziko lonse ku Qatar mu 2022, ndi Cristiano Ronaldo wa ku Portugal, amene zigoli zake zinapitirira 900.

Tsono mkangano ukafika pamenepa, sipalephera kupezeka nkhalamba ina imene inakhala chete pa ngodya, imene idzuka ndi kufunsa ngati anawa anamvapo za Kinnah Phiri. Iye uja wa Bullets, amene anachinyira dziko lathu zigoli 71, m'masiku amene Flames inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979. Wina aponyapo dzina la Ernest Mtawali, wina la Jack Chamangwana, ndipo nsima izirala kunyumba.

Musaganize kuti ndalemba kalata ino kuti ndidzudzule zimenezi. Munthu amene wakhala m'mizere ya tiyi kuyambira m'bandakucha, dengu lili kumsana, mame atamnyowetsa mpaka m'chiuno, ali ndi ufulu wa kuseka ndi anzake madzulo, ndipo Mulungu amene anapatsa munthu miyendo sakwiya poona kuti ina mwa miyendoyo ichita zodabwitsa. Chokhacho ndingapemphe ndi chakuti mkanganowo usafike pa nkhonya, ndiponso kuti nyumba ya kanema isadzaze pa ola limene tchalitchi lili ndi mipando yopanda anthu.

Koma taonani chifukwa chake mkangano umenewu sutha. Pa esiteti, anthu awiri akatsutsana kuti wathyola masamba ambiri ndani, nkhani itha msanga: dengu lipachikidwa, sikelo inena makilo, kalaliki alemba, ndipo wogonja agonja. Pa mpira munthu aliyense adza ndi sikelo yakeyake. Wina awerenga zikho, wina awerenga zigoli, wina sawerenga kanthu koma akumbukira kukoma kwa njomba imodzi imene anaona ndi maso ake. Ngakhale sikelo za akuluakulu a mpira sizigwirizana. Mphotho ija ya Ballon d'Or inayamba mu 1956, ndipo kufikira 1994 inali ya osewera a maiko a ku Ulaya okha, kotero kuti Pelé ndi Maradona, pa nthawi imene anali pa chimake, sanaloledwe n'kuikidwa komwe pa sikeloyo. Eusébio, wobadwira ku Lourenço Marques kumene lero ndi Maputo, anailandira mu 1965 chifukwa anasewerera Portugal, imene inali kulamulira dziko la kwao. Chitseko chitatsekulidwa mu 1995, woyamba kulowapo anali George Weah wa ku Liberia. Nanga mnyamata amene ati Messi ali nazo 8 pamene Pelé analibe ndi imodzi yomwe, wayeza chiyani? Mu 2000 bungwe la FIFA linafuna kutchula wosewera wamkulu wa zaka 100 zimene zinali kutha. Anthu ovota pa intaneti anasankha Maradona, akuluakulu a bungwelo anasankha Pelé, ndipo posowa chochita anawapatsa ulemuwo onse awiri.

Chilipo china. Ambiri a ife amene tikangana sitinamuone Pelé akusewera. Wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, iye atasiya mpira zaka zoposa 20 m'mbuyomo. Kinnah yemwe, anthu ambiri a kuno anamdziwa ndi makutu, atazungulira wailesi imodzi pa khonde la sitolo, akumva woulutsa wa MBC akufuula dzina lake. Choncho nkhalamba ija ikaumirira pa Kinnah, mwina iteteza masana aja pamene inakhala pansi pa mapazi a bambo ake, mabatire akutha mphamvu, mudzi wonse utagwira mpweya. Aliyense aimira kumbuyo katswiri wa pa unyamata wake, ndipo unyamata wa munthu sungaikidwe pa sikelo ya mnzake.

Ndanena zonsezi chifukwa mkangano umenewu uli ndi mkulu wake m'Mthenga Wabwino. Marko Woyera ausimba m'mutu 9. Ambuye Yesu anali kudutsa m'Galileya ndi Apostoli ake mwakachetechete, pakuti anafuna kuwaphunzitsa paokha za imfa imene inali kumdikira. Iwo sanamvetse, ndipo anaopa kufunsa. Pamene Iye anali kutsogolo, kumbuyo kunali manong'onong'o. Atafika ku Kapernao ndi kulowa m'nyumba, Ambuye anawafunsa nkhani imene inawatanganitsa m'njira monse muja. Anthu 12, onse a pakamwa pabwino, Petro yemwe amene sanali kusowa choyankha, anangoti zii, pakuti nkhani yao inali ya kufuna kudziwa wamkulu pakati pao.

Lingalirani bwino za kukhala chete kumeneku, abale anga. Ine ndikadzera pa bwalo la tchalitchi ndi kufunsa chimene mukangana, palibe amene achita manyazi. Onse ayankhira pamodzi, nandikokera ine ndemwe mu mkanganowo. Chifukwa chake n'chakuti Pelé si inu, Messi si inu, ndipo mukapambana simupindula kanthu. Koma Apostoli anaika maina ao omwe pa sikelo, ndipo munthu akagwidwa akudziyeza yekha, pakamwa pamuuma. Akulu anati fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Ndipo nkhuni za moto umenewu sizinali kusowa. M'mutu womwewo timva kuti Ambuye anatenga atatu okha, Petro, Yakobe ndi Yohane, nakwera nao pa phiri pamene anaona ulemerero wake. Anzao 9 anatsala m'munsi, ndipo kumeneko analephera pamaso pa khamu la anthu kuchiritsa mwana wogwidwa ndi mzimu woipa. Atatu atsika nkhope zili ngwee, ali ndi chinsinsi chimene analetsedwa kuulula. Anzaowo ali ndi manyazi a kulephera. Munthu amene anakhalapo pa msonkhano wa akulu a mpingo sasowa womuuza mmene nkhani yotere iyambira. Ndiponso sinathere ku Kapernao. M'mutu wotsatira, Yakobe ndi Yohane anapita kwa Ambuye mwamseri kukapempha mipando iwiri yoyandikana naye mu ufumu wake, ndipo anzao 10 atamva anakwiya, mkwiyo umene ine ndiuona ngati wa anthu amene atsogoleredwa pa chinthu chimene iwonso anachilakalaka. Luka Woyera m'mutu 22 aonjeza chinthu chomvetsa chisoni koposa, kuti mkanganowo unabukanso pa Mgonero Wotsiriza, pa tebulo lomwe lija pamene Ambuye anatipatsa Ukaristia, usiku womwe anaperekedwa.

Mkangano wachiwiri umenewu, wa chamumtima, ulipo pakati pathu, ndipo ndi umene undidetsa nkhawa. Sumveka pa msika. Uoneka pa tsiku la masankho a m'limana, pamene munthu amene sanasankhidwe kukhala wapampando ayamba kudwala Lachinayi lililonse. Uoneka m'kwaya, pamene oyimba awiri a mau okoma sangathe kuima pa benchi limodzi, ndipo pakutha pa chaka kwaya imodzi yasanduka ziwiri, iliyonse ndi ng'oma yake. Uoneka m'bungwe la amayi, pa nkhani ya amene asunge thumba ndi amene aphikire alendo. Uonekanso pamene maudindo a ku esiteti alowa nafe m'tchalitchi, kapitao nayembekeza kuti mau ake pa msonkhano alemere kuposa a mayi wothyola masamba, ngati kuti Ubatizo wa awiriwa unali wa madzi osiyana. Ndi inu aphunzitsi, ndilankhula nanu mwa ulemu wonse, pakuti popanda inu mipingo ya m'midzi ikadazima kale: mdani ali ndi msampha wake wa inu, ndiwo kuwerenga. Uyu wabatizitsa 40 chaka chino, uja 15. Bambo mfumu anagona kwa uyu, kwa uja anangomwa madzi. Zimenezi zikamera mizu, mphunzitsi aleka kukondwa pakumva kuti tchalitchi la mnzake ladzaza. Ndipo amene alipira mtengo wa mkanganowo si amene akangana. Ndi wodwala amene sanayenderedwe chifukwa akulu awiri salankhulana, ndi maliro amene anayimbidwa ndi theka la kwaya, ndi ana amene anakhala miyezi itatu osaphunzira katekisimu.

Kodi Ambuye anauthetsa bwanji mlandu umenewu? Akadafuna akadatchula dzina, pakuti Petro anali pomwepo, ndipo tidziwa udindo umene anampatsa mu Eklezia. Koma sanatchule. Anakhala pansi monga achitira mphunzitsi, nawauza kuti malo oyamba apezeka kumapeto a mzere, kwa amene atumikira anzake onse. Kenaka anaitana kamwana ka m'nyumbamo, nakaimika pakati pao, nakafungatira, nawadziwitsa kuti ulemu wochitira kamwana kotere chifukwa cha Iye ufika kwa Iye mwini, ndi kwa Atate amene anamtuma. M'masiku amenewo mwana analibe mau pa bwalo, analibe chuma, sakadatha kubweza ulemu kwa womchitira zabwino. Ambuye sanazime chilakolako cha ukulu chimene chili mwa munthu. Anangochotsa sikelo imene Apostoli anadza nayo, napachika yake.

Inu okonda mpira mungamvetse zimenezi msanga kuposa ena, mukakumbukira chigoli chachinayi cha Brazil pa masewero otsiriza a mu 1970, pamene inagonjetsa Italy 4 kwa 1. Ambiri achitcha chigoli chokongola koposa cha pa chikho cha dziko lonse. Mpira unayambira kumbuyo. Clodoaldo anadutsa anthu 4 m'chigawo cha kwao, mpira unapita kwa Rivelino, kwa Jairzinho, nufika kwa Pelé pafupi ndi golo. Iye anali atachinya kale chigoli choyamba tsiku limenelo, ndipo dziko lonse linayembekeza kuti amenya yekha. Anaima pang'ono, naukankha pang'onopang'ono kudzanja lamanja, kumene kunaoneka ngati kulibe munthu, ndipo Carlos Alberto, wotchinga kumbuyo, anatulukira ali pa liwiro naumenya. M'buku la zigoli munalembedwa dzina la Carlos Alberto. Maradona nayenso, pa masewero otsiriza a mu 1986, sanachinye. Chigoli chimene chinapatsa Argentina chikho, pogonjetsa West Germany 3 kwa 2, anachinya ndi Jorge Burruchaga, atapatsiridwa ndi iye. Akatswiri awiri amene timenyanirana, pa tsiku lalikulu la moyo wao, anapereka mpira kwa wina. M'limana mwanu alipo anthu otere, amene asesa, atunga madzi a ku maliro, aperekeza nkhalamba ku chipatala, ndipo pa tsiku la chikondwerero dzina lotchulidwa ndi la wina.

Papa Francisco, amene anatisiya mu April 2025, anali wa ku Argentina ndiponso wokonda mpira kuyambira ubwana. Mu November 2023 mtolankhani wa ku Italy anamfunsa kuti asankhe pakati pa Maradona ndi Messi, ana a dziko lake onse awiri. Papa anaonjezapo dzina lachitatu, la Pelé wa dziko loyandikana nalo limene lipikisana ndi Argentina pa mpira. Anayamika Maradona monga wosewera, nadandaula kuti moyo wake unaonongeka pakati pa anthu omtamanda amene sanamthandize. Anayamika Messi monga munthu wa khalidwe. Koma mwa atatuwo anaika patsogolo Pelé, chifukwa cha mtima wake. Mungatsutsane naye, pakuti pa nkhani ya mpira Papa alankhula monga munthu wina aliyense. Koma onani kuti anafunsidwa za miyendo nayankha za mtima.

Za Maradona tisalankhule monyoza. Anabadwira mu umphawi woposa umene ambiri a ife tiudziwa, anakwezedwa ndi anthu kufika pamene munthu sangapirire, nagwa m'mankhwala ozunguza bongo, naletsedwa kusewera mu 1991, nachotsedwanso pa chikho cha dziko lonse mu 1994. Mu 1998 anthu ena a mu mzinda wa Rosario anayambitsa chimene anachitcha mpingo wa Maradona, ena mwa nthabwala, ena mopitirira nthabwala. Mkristu adziwa chimene lamulo loyamba linena pa zotere. Anthu amene anamuyesa mulungu sanathe kumchiritsa, ndipo anamwalira pa 25 November 2020 ali ndi zaka 60. Pelé anamtsatira pa 29 December 2022. Onse awiri anabatizidwa mu Eklezia wathu, ndipo chimene asowa kwa ife tsopano ndi pemphero lopempherera mizimu yao.

Pali dzina lina limene simudzalimva pa mzere wa sikelo. Mu mzinda wa Buenos Aires munali wansembe wa chipani cha a Salesian, Bambo Lorenzo Massa. Anaona anyamata a m'dera la Almagro akusewera mpira pa mseu, pamene panali kudutsa sitima za mu mzinda, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo anatsala pang'ono kupondedwa. Wansembeyo anawatsekulira bwalo la kuseri kwa tchalitchi, nawapempha chinthu chimodzi, kuti adzibwera ku Misa Lamulungu. Mu 1908 anyamatawo anapanga timu, nafuna kuitcha dzina lake. Iye anakana, navomera pokhapokha ulemuwo utapita kwa Laurenti Woyera, dikoni wa ku Roma amene anaphedwa mu 258, uja amene atalamulidwa kupereka chuma cha Eklezia anasonkhanitsa amphawi nawaonetsa kwa akulu a boma. Timu imeneyo ndi San Lorenzo, imene inatenga chikho cha matimu a ku South America mu 2014, ndipo ndi yomwe Papa Francisco anaichemerera moyo wake wonse. Papa mwini anasimba kuti ali mwana anasewera ndi mpira wa nsanza, ndi kuti miyendo yake inali yolemera, kotero kuti anzake anali kumuika pa golo.

Aphunzitsi okondedwa, kuno kwathu malo ndi osowa, tiyi anafika mpaka m'mphepete mwa midzi, ndipo ana ambiri asewera pa mseu pamene padutsa mathirakitala ndi njinga zamoto. Matchalitchi athu ambiri ali ndi kabwalo kumbali kapena kuseri. Kambiranani ndi akulu a mpingo kuti kabwalo kameneko katsekulidwe Loweruka masana, katekisimu itatha, kwa anyamata ndi atsikana omwe, ndipo mmodzi wa akulu, makamaka mwa aja amene apikisana pa mipando, akhalepo kuyang'anira ndi kutunga madzi akumwa. Ana akayamba kusankhana matimu, muyang'ane amene atsalira, amene mbali zonse ziwiri zimkana. Mumdziwe dzina, mudziwe kwao ndi amene amlera, ndipo Loweruka lotsatira mumuike pa timu inu nomwe, ngakhale pa golo.